Kodi Kudalira Mulungu N'kumene Kwatisaukitsa? Yankho kwa Mwini Shopu wa ku Area 25

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wachinyamata amene ali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba ku Nsungwi. Walemba kuti: "Abusa, ndinakulira m'tchalitchi koma patha zaka zitatu ndisakupondako. Shopu yangayi ndinaiyamba ndi thukuta langa, palibe mneneri anandipatsa mpamba. Mnzanga amene sapemphera n'komwe wamanga nyumba ziwiri ku Area 49. Mayi anga amagona ku phiri la Bunda kusala kudya, koma ndiwo ndi sopo ndimawagulira ndine. Ndikadandaula amangoti dalira Mulungu mwana wanga. Kodi munthu sangakhale bwinobwino popanda Mulungu? Kodi si kudalira Mulungu komweku kumene kwatisaukitsa Amalawife?"

Achimwene, zikomo chifukwa simunabise mawu. Funso lanuli ambiri ali nalo mumtima, ena mwa iwo amakhala pa mabenchi akutsogolo Lamulungu lililonse, kungoti amaopa kulitulutsa. Ndatumikira monga mbusa zaka zoposa 20, zambiri mwa izo mu Lilongwe muno, ndipo ndikuyankhani monga mbale wanu, osati monga wozenga mlandu.

Pena mwalasa, ndipo ndiyambire pomwepo. Chilipo chinthu chimene anthu akuchitcha kudalira Mulungu pamene si chimenecho ayi. Ndikudziwa mayi wina wa ku Mtandire amene ankagulitsa tomato, anatenga mpamba wake wonse n'kukapereka ngati "mbewu" atalonjezedwa kuti ibwerera kakhumi. Sinabwerere, ndipo benchi lake pamsika anatenga wina. Ndinaikapo maliro a mnyamata amene anauzidwa kuti wachira, asiye kumwa ma ARV. Pamanda paja ndinalalikira mawu akunditsamwa pakhosi. Kumeneku ndi kudalira munthu, ndipo Yeremiya 17:5 sazungulira: "Wotembereredwa munthu amene akhulupirira munthu." Paulo, amene analemba zambiri za chisomo kuposa mtumwi wina aliyense, ankasoka mahema ndi manja ake, ndipo ndi yemweyo anauza a ku Tesalonika kuti ngati munthu safuna kugwira ntchito, asadyenso. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu adani atamuzinga anapemphera, n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Sanasankhe chimodzi n'kusiya chinzake.

Ngakhale makolo athu, Uthenga Wabwino usanafike, ankadziwa kuti khasu ndi pemphero sizilimbana. Nthano ya Achewa yonena za chiyambi cha anthu imati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika kumwamba pamodzi ndi mvula n'kutera pa thanthwe la Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Mvula ndi ya Chauta, khasu lili m'manja mwa munthu, ndipo zonse zinatsika tsiku limodzi. Anthu amene ankapita ku kachisi wa ku Msinja kukapempha mvula kudzera mwa Makewana ndi omwewo ankasosa ndi kugalauza minda m'dzuwa la Okutobala. Sindikuti nthanoyi ndi Malembo, koma pamfundo iyi ikugwirizana ndi Genesis 2:15, pamene Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, tchimo lisanalowe n'komwe. Ntchito si chilango. Choncho shopu yanuyo musachite nayo manyazi pamaso pa Mulungu, ndipo wina asakuuzeni kuti kudzuka m'mamawa kukatsitsa matumba a simenti ndi kuchepa chikhulupiriro.

Koma pa mawu akuti "thukuta langa" ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Madzi a m'mipopi ya mzinda uno amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, amasungidwa m'madamu awiri a ku Malingunde, ndipo mtsinjewo umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama. Inuyo mukhoza kunena zoona kuti mapaipi munagula nokha, ngalande munakumba nokha, bilu mumalipira nokha. Palibe angakutsutseni. Koma mvula itapanda kugwa ku Dzalanyama zaka ziwiri zotsatizana, mpopi wanu wolipiridwa bwinowo ungangotulutsa mphepo. Thukuta lanu ndi mapaipi, achimwene. Ndi lofunika, ndipo popanda ilo madzi safika pakhomo. Koma si kasupe. Mose anachenjeza Aisraele za mtima womwewu asanalowe m'dziko la mkaka ndi uchi, kuti akadzadya n'kukhuta n'kumanga nyumba zokoma asadzanene mumtima kuti mphamvu yanga ndi dzanja langa zandipezera chuma ichi, koma akumbukire kuti Yehova ndiye amapatsa mphamvu yopezera chuma (Deuteronomo 8:17-18). Taonani kuti sanawaletse kulemera. Anawaletsa kuiwala.

Inuyo monga wamalonda mukukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Munagona muli ndi mpamba wokwanira kuoda malata ndi misomali, munadzuka ndalama yomweyo isakukwana. Simunachite ulesi usiku umenewo. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo ambiri mwa alimi amene chimanga chawo chinapserera anali atathira feteleza ndi kupalira pa nthawi yake. Sindikutchula izi kuti ndikuopsezeni. Ndikungofuna muone kuti gawo limene lili m'manja mwathu ndi laling'ono kuposa momwe timaganizira zinthu zikamayenda.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ine ndi Januwale 2021. Mukukumbukira mwezi uja Covid-19 inavuta, pa 12 dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, bwalo la masewera la Bingu n'kusandutsidwa chipatala. Mkulu wa mpingo wathu wina, bambo wa magalimoto ndi nyumba za lendi, munthu wosapempha kanthu kwa wina aliyense, anagonekedwa ali pa okosijeni. Kukamuona sikunkaloledwa, ndiye tinkalankhula pafoni, iye mawu awiri atatu n'kupuma, ine ndikumva kufwenthera kwa chipangizo chija. Usiku wina anandiuza kuti, "Abusa, zaka zonsezi ndakhala ndikupuma ulere, sindinathokozepo." Anachira, ndipo ali moyo. Koma mawu akewo anandibwezera ku Genesis 2:7, pamene Yehova anaumba munthu ndi dothi lapansi, nauzira mpweya wa moyo m'mphuno mwake. Chikhristu chikamati munthu amadalira Mulungu, poyamba penipeni sichikunena za ndalama kapena za machiritso. Chikunena kuti ndife dothi lopumira mpweya wobwereka. Palibe anadzipempha kubadwa, palibe amauza mtima wake kuti gunda ali mtulo.

Apa ndi pamene nkhani ya mnzanu wa ku Area 49 ikulowera. Mwati sapemphera koma zake zikuyenda. Zimenezo sizikutsutsa Baibulo, Yesu ananeneratu kuti Atate amawalitsira dzuwa lawo pa oipa ndi pa abwino, namavumbitsira mvula pa olungama ndi pa osalungama (Mateyu 5:45). Paulo atafika ku Atene anauza anthu osamdziwa Khristu kuti Mulungu ndiye amapatsa onse moyo ndi mpweya ndi zinthu zonse, ndipo mwa Iye tili ndi moyo, timayenda, tilipo (Machitidwe 17:25-28). Mnzanuyo akudalira Mulungu mphindi iliyonse, kungoti sakuvomereza. Ali ngati mwana wokwiya amene sayankhulitsa atate ake koma akudya nsima ya m'nyumba yomweyo. Ndipo musayembekezere kuti ine ndinene kuti nyumba zakezo zidzagwa kapena adzaona tsoka. Mwina adzamanga zina zisanu n'kufa ali nkhalamba. Mulungu sagula chikondi cha anthu ndi mvula, ndiponso salanda mvula kwa omukana. Wolemba Salmo 73 anavutika ndi funso lomweli mpaka anatsala pang'ono kuterereka, muliwerenge lonse usiku uno.

Nanga ngati osapemphera amadya, kupemphera n'kwa chiyani? Apa ndiye pagona nkhani, ndipo yankho lake lili pa Yohane 15:5: "Ine ndine mpesa, inu ndinu nthambi zake... pakuti kopanda Ine simungathe kuchita kanthu." Mpesa sitiudziwa kwenikweni kuno, ndiye taganizani za dzungu. Aliyense amene anapalirapo m'munda wa chimanga chosakaniza ndi maungu anadulapo mwangozi nthambi yoyanga ndi khasu. Ukaiyang'ana nthawi yomweyo sipaoneka kusintha, masamba ali biriwiri, maluwa achikasu ali pompo, ngakhale kadzungu kakang'ono kali lende. Wodutsa sangadziwe kuti yaduka. Dzuwa likafika paliwombo m'pamene masamba amagwa nkhope, ndipo kadzungu kaja sikadzakulanso. Kubiriwira si umboni woti nthambi ili pa tsinde. Ndipo chipatso chimene Yesu akunena apa si nyumba kapena galimoto. Ndi chimene Agalatiya 5:22-23 akutchula: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima, chifundo, kukoma mtima, chikhulupiriro, chifatso, chiletso. Munthu akhoza kumanga Area 49 yonse popanda kupemphera. Chimene sangathe ndi kudzipatsa yekha mtima watsopano, kudzikhululukira yekha machimo, kapena kudzidzutsa yekha m'manda.

Mwina mukuti, ine ndine munthu wabwinobwino, sindiba, sindipha, ndimasamala mayi anga. Ndikukhulupirira. Mtsutso umenewu ndi wakale mu mpingo, ndipo unachitikira pa nthaka ya Africa. Kunali mphunzitsi wina wochokera ku Britain dzina lake Pelagius, munthu wodziletsa ndi wakhama, amene anafika ku Roma n'kunyansidwa ndi Akhristu olemera okhala moyo wotayirira kwinaku akuti ndife ofooka, chisomo chitikwanira. Iye anaphunzitsa kuti Mulungu anatipatsa kale nzeru ndi ufulu wosankha, ndiye munthu akalimbika akhoza kusunga malamulo onse ndi mphamvu zake. Mukuona kuti mkwiyo wake ukufanana ndi wanu, ndipo sunali wopanda chifukwa. Chinamukhumudwitsa kwambiri ndi pemphero la Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, lakuti: ndipatseni chimene mukulamula, ndipo lamulani chimene mufuna. Augustine ankalankhula monga munthu amene anayesapo kudzisintha yekha zaka zambiri n'kulephera. Iye anati vuto la munthu si kusadziwa chabwino, koma kuti kufuna kwake komweko kukudwala. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage m'chaka cha 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius, ndipo pamfundo yoti popanda chisomo munthu sangadzipulumutse, Akatolika, a CCAP, Anglican, Baptist ndi a Pentekoste timagwirizana mpaka lero, ngakhale timasiyana pa zina.

Ine ndili mbali ya Augustine, osati chifukwa cha mabuku okha, koma chifukwa cha zimene ndaona pa mpando wa uphungu ndi mumtima mwanga momwe. Ndakhala ndi abambo olumbira misozi ili mbwembwembwe kuti mowa ausiya, ana akusowa fizi, ndipo ankanena zoona kuchokera pansi pa mtima, koma malipiro atangolowa mapazi anawatengera komwe kuja. Ine ndemwe ndinasungira mbale wanga chakukhosi zaka zinayi pa nkhani ya munda wa makolo, ndikulalikira za kukhululuka Lamulungu lililonse. Ndinkadziwa mavesi onse. Chimene ndinalibe ndi mphamvu yofuna kukhululuka, ndipo sinabwere mpaka tsiku limene ndinagwada n'kuuza Mulungu kuti sindikufuna, ndithandizeni kufuna. Paulo akuti chabwino chimene ndichifuna sindichichita, koma choipa chimene sindichifuna, chimenecho ndichichita (Aroma 7:19). Dziyeseni nokha pa zazing'ono za m'shopu. Kasitomala wosadziwa kusiyanitsa malata a geji yokhuthala ndi yopyapyala akabwera, mwezi uli pakati, lendi ya shopu isanakwane, mtima umakuuzani chiyani? Mnzanu uja akamakuonetsani nyumba yachiwiri, chimene chimakulasani m'chifuwa chija n'chiyani, ndipo munayesapo kuchichotsa ndi khama n'kutheka?

Kudalira chisomo sikumupinda munthu manja. Afilipi 2:12-13 akuika zonse ziwiri m'mpweya umodzi: gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti wakuchita mwa inu kufuna ndi kuchita komwe ndiye Mulungu. Nthambi ya dzungu yolumikizika ndi imene imayanga kwambiri.

Tsono za dziko lathu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 77 pa 100 alionse m'Malawi ndi Akhristu, ndiye funso lanu ndi lomveka: mapemphero onsewa, umphawi bwanji? Zifukwa za umphawi wathu n'zambiri, ndipo zina si zauzimu n'komwe. Tilibe doko, timadalira mvula ya nyengo imodzi, ndalama zakunja zambiri timazipeza pa fodya, minda ikuchepa pamene anthu akuchuluka. Koma pa mbali imene ikukhudza funso lanu, ine ndikuona kuti vuto si kudalira Mulungu mopitirira, koma kupembedza kwambiri kopanda kudalira. Kumbukirani Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zinkapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu mumzinda uno. M'dziko limene ambiri ndi opemphera, n'zosatheka kuti onse okhudzidwa anali akunja kwa mipingo. Munthu amene akuba ndalama za mankhwala kuti amange nyumba yachisanu sakudalira Mulungu. Akuopa mawa, ndipo wasankha kuti chimene chidzamusunge ndi ndalama. Nkhani ya mana pa Eksodo 16 ikunena zomwezi: Mulungu anati aliyense atole zokwanira tsiku limenelo, ena osakhulupirira anasunga zamawa, ndipo zinagwa mphutsi n'kununkha. Katangale, nsanje, kukhwima, kupita kwa sing'anga kuti bizinesi iyende, zonsezi zimamera pa muzu umodzi, mtima wonena kuti ndikapanda kudzionera ndekha palibe adzandione. Wodalira Mulungu zenizeni ndi amene angakane chiphuphu ana ake akufuna fizi, chifukwa akudziwa kuti moyo wake suli m'manja mwa bwana wopereka envelopu. Anthu otere akanachuluka ku Capital Hill, m'misika ndi m'maguwa momwe, sindikhulupirira kuti tikanasauka kwambiri kuposa lero.

Pa mwambo wathu wa CCAP ana a kalasi amaphunzira funso loyamba la katekisma wa Heidelberg wa 1563, lofunsa kuti chitonthozo chako chokha m'moyo ndi mu imfa n'chiyani. Yankho lake limayamba ndi kunena kuti sindili wa ine mwini, koma thupi ndi mzimu ndili wa Mpulumutsi wanga wokhulupirika Yesu Khristu. Ndili mnyamata mawu amenewa ankandimvekera ngati unyolo. Lero ndimawamva ngati kutula katundu. Munthu amene ali wa iye mwini ayenera kudzisenza yekha, kudziteteza yekha, kudzilungamitsa yekha, ndipo sagona tulo. M'kalata yanu ndamvamo kutopa, achimwene. Mwina ndalakwitsa, koma mawu akuti "ndimawagulira ndine" akumveka ngati a munthu amene wasenza denga ndi mutu umodzi kwa nthawi yaitali.

Za mayi anu ndilankhule mosamala, chifukwa sindikuwadziwa. Ngati kuphiriko kuli wina amene akuwadyera ndalama, kapena akuwauza kuti asiye mankhwala a kuchipatala, muwateteze, ndipo musachite mantha kumufunsa munthuyo maso ndi maso. Ngati akusala kudya mopitirira pamene ali ndi shuga kapena BP, mupite nawo kwa dokotala akawalangize, Mulungu sakondwera ndi thupi lovulazidwa. Koma ngati akungopita kukapemphera, musawapeputse chifukwa alibe kanthu m'thumba. Mwati iwo amapemphera koma sopo mumagula ndinu. Bwanji ngati inuyo ndinu yankho la pemphero lawolo? Mulungu anadyetsa Eliya kudzera mwa mayi wamasiye wa ku Zarefati, ndipo kawirikawiri amadyetsa amasiye kudzera mwa ana awo. Sopo amene mumagulayo sakutsimikiza kuti Mulungu kulibe. Akuonetsa njira imene wadzera. Ndipo ndani anakulerani mpaka kukhala munthu wodziwa kuwerengera mpamba ndi phindu, wosathawa mayi ake atakalamba? Paulo anafunsa Akorinto kuti uli nacho chiyani chimene sunalandire (1 Akorinto 4:7). Funso limenelo limandigwetsa nkhope ine nthawi zonse.

Simunandifunse chochita, komabe ndikuuzani zimene ndikanachita ndikanakhala inu. Sindikuti muthamangire ku tchalitchi Lamulungu likudzali kuti mukasangalatse abusa. Yambani pomwe muli. Mawa m'mawa musanatsegule loko wa shopu, imani kaye pakhomopo munene Pemphero la Ambuye pang'onopang'ono, ndipo mukafika pa "mutipatse ife lero chakudya chathu chalero" muganizire kuti mukupempha ngakhale muli ndi makiyi m'manja, ndiponso kuti mawuwo akuti "ife", osati "ine". Ngati simukukhulupirira bwinobwino, muuzeni Mulungu zomwezo, bambo wina pa Marko 9:24 anati ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo Yesu sanamubweze. Yesani kutseka shopu tsiku limodzi pa sabata. Mudzamva mtima ukuwerengera makasitomala amene apita kwa mnzanu woyandikana naye, ndipo pamenepo mudzadziwa chimene mwakhala mukudalira. Kenako funani Akhristu ochepa okumana m'nyumba pakati pa sabata, kaya ndi mlaga, kaya ndi mphakati, kumene mungafunse mafunso ngati awa popanda wina kukutchulani wakugwa. Kali kokha n'kanyama, ndipo nthambi za mpesa sizikhala imodziimodzi.

Mukapita kukasiya ndiwo kwa mayi sabata ino, musangotula jumbo pakhonde n'kubwerera ku minibasi. Khalani pansi, mumwe nawo tiyi, muwafunse kuti, "Amayi, kuphiri kuja mumakapempha chiyani?" Muwasiye afotokoze mpaka amalize, osawadula. Mukatero mudzandilemberenso, ndikufuna kudzamva zimene anakuyankhani.